Kamfuti ka pa Mangochi ndi Sitima Zankhondo za pa Nyanja Yathu

Anzanga, nkhaniyi yabadwa chifukwa cha mkangano wa Loweruka lija. Amene munalipo mukukumbuka. Titamaliza zokambirana tinaunjikana pa foni imodzi pansi pa mtengo, kumaonera kavidiyo ka Yamato, chisitima chankhondo cha ku Japan. Mnzathu wina, sindimutchula koma akudzidziwa, anaseka n'kunena kuti, "Izi ndi za eni ake, aise. Ife sitima yankhondo tinaionera kuti? Nyanja yamchere tilibe, tili ndi Ilala basi." Ambiri munagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndinatsutsa, koma mfundo zinandithawa pakamwa, moti ndinabwerera kunyumba chamanyazi. Ndiye poti masiku ano ndili pakhomo kudikira za ku koleji, nthawi ndili nayo yambirimbiri. Ndawerenga, ndafunsa, ndipo yankho langa ndi ili. Ndi lalitali, mukhululuke, sungani bandulo.

Tiyambe ndi Yamato yomweyo, kuti pasakhale wonena kuti ndikuchepetsa zinthu zazikulu. Inali ndi mizinga ikuluikulu 9, uliwonse kukamwa kwake masentimita 46. Chipolopolo chimodzi chinkalemera makilogalamu 1,460, ndiye kuti matumba 29 a chimanga, ndipo chinkauluka mpaka makilomita 42. Atati aiimike pano pa Area 3 n'kuwombera chakumpoto, chipolopolocho chikanadutsa pamwamba pa Kanengo, kudutsa bwalo la ndege ku Lumbadzi, n'kukagwera kutsogolo. Zoopsa ndithu. Koma funsani kuti inagwira ntchito yanji. Inayamba ntchito mu Disembala 1941. Mizinga ikuluikulu ija inawombera sitima za adani pa nkhondo imodzi yokha, mu Okutobala 1944 kufupi ndi Philippines. Pa 7 Epulo 1945 ndege za America zinaimiza, pamodzi ndi anthu pafupifupi 3,000.

Angerezi nawo anali ndi yawo yotchuka, HMS Dreadnought ya mu 1906. Inali ndi mizinga 10 ya mainchesi 12, chipolopolo chilichonse cholemera pafupifupi matumba 8 a chimanga. Itangotuluka, sitima zina zonse zankhondo zinaoneka zachikale, ndipo Britain ndi Germany anayamba mpikisano womanga zina zotere, ndalama zikupita ngati madzi. Nanga nkhondo itafika mu 1914? Mizinga ya Dreadnought sinawombere sitima ya mdani ngakhale imodzi. Chomwe inamiza ndi sitima yoyenda pansi pa madzi ya Germany, U-29, mu Malichi 1915, ndipo inachita kuigunda ngati minibasi yoduka mabuleki. Nkhondo yaikulu ya pa Jutland mu 1916 inachitika iyo kulibe. Mu 1921 anaigulitsa kwa ophwasula zitsulo.

Manambala amenewa muwasunge, chifukwa tsopano tikubwera kwathu.

Amene munafikako ku Mangochi pa boma mukuidziwa nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho wa pa Shire, yomwe atsamunda anamanga pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yachitsulo. Ine ndinaiona tili Fomu 3, pa ulendo wa sukulu. Tinajambulitsapo, ena anayesa kukwerapo, aphunzitsi akufotokoza zinthu zomwe palibe ankamvera chifukwa maganizo onse anali pa chambo ndi kusambira. Ndimayesa ndi chokongoletsa chabe. Chonsecho mfuti imeneyo, ya mtundu wa Hotchkiss, inachokera mu sitima yankhondo yotchedwa Guendolen, yomwe inayenda pa nyanja yathu zaka zoposa 40. Inde aise, sitima yankhondo, pa nyanja ya Malawi.

Guendolen inamangidwa ku Greenwich, ku England, ndipo inalowa m'madzi mu 1899 pa Fort Johnston, pomwe lero timati pa Mangochi. Dzinalo ndi la mwana wamkazi wa Lord Salisbury, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo. Inkalemera matani pafupifupi 350, pamene Dreadnought inali matani 18,000. Mfuti yomwe inagwiritsa ntchito mu 1914 kukamwa kwake kunali mamilimita 47, chipolopolo chake cholemera kilogalamu imodzi ndi theka. Paketi ya shuga ndi theka, basi. Chipolopolo chimodzi cha Yamato chikufanana ndi zipolopolo za Guendolen pafupifupi 1,000. Mukhoza kuseka, nanenso ndinaseka. Koma ndikuti kamfuti kameneka kanasintha miyoyo ya makolo athu kuposa mizinga yonse ya Yamato ndi Dreadnought kuphatikiza pamodzi, ndipo ndifotokoza.

Choyamba dzifunseni: sitima yomangidwa ku England inafika bwanji ku Mangochi? Funso limeneli ndi limene linandisowetsa tulo. Sitima za pa nyanja yathu ankazimanga ku Ulaya, kenako n'kuzimasula zidutswazidutswa. Zidutswazo zinkabwera pa nyanja yamchere mpaka ku Chinde, pomwe Zambezi amathira, kenako m'maboti kukwera Zambezi ndi Shire mpaka cha ku Chikwawa. Pamenepo ulendo wa pamadzi unkathera, chifukwa kutsogolo kuli mathithi: Kapichira, Mpatamanga, Tedzani, Nkula, madera omwe lero timapangirako magetsi athu ozimazimawa. Ndiye katundu yense ankatsika, n'kukwera pamitu ya anthu. Ankadutsa mapiri mpaka kumtunda kwa mathithi, cha ku Matope, komwe Shire amayambanso kuyendeka.

Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inadutsa njira imeneyi mu 1875, itasenzedwa ndi mazana a anthu. Chauncy Maples, sitima ya amishoni a Anglican yomwe inalowa m'madzi mu 1901, inabwera mu zidutswa 3,481. Boila yake yolemera matani 11 sinkatheka kuiduladula, choncho anaiika pa ngolo, amuna a Chingoni 450 n'kuikoka mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Taganizirani chitunda cha kuchokera ku Chikwawa, chomwe ngakhale malole a lero amakwera akulira, anthu akukoka chitsulo ndi zingwe. Ndipo sitimazi zitayamba kuyenda sizinkamwa dizilo. Zinkadya nkhuni. M'mbali mwa nyanja munali malo oimapo kutenga nkhuni, ndipo odula, osenza ndi osonkhezera moto m'kati mwa sitima anali anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Tikamati sitima ya Angerezi, tizikumbukira kuti Mngerezi anali pa chiwongolero, koma thukuta linali la eni dziko.

Nanga sitima zankhondo ankazifuniranji pa nyanja ya madzi abwino? Yankho loyamba ndi malonda a akapolo. Zombo za matanga zinkawolotsa anthu ogwidwa kuchokera ku Nkhotakota ndi madoko ena kupita tsidya la kum'mawa, komwe ankayamba ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Mwini zombo ndiye anali mwini nyanja. Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, anaphunzira zimenezi mowawa. Mu Disembala 1891 msilikali wake wamkulu, Cecil Maguire, anapita kukawotcha zombo za mfumu Makanjira pa sitima ya malonda yotchedwa Domira. Sitimayo inatitimira mu mchenga, ndipo Maguire anaphedwa komweko. Zitatero boma la Britain linatumiza sitima zankhondo zenizeni: Pioneer ndi Adventure za pa nyanja, ndi Dove ya kumtunda kwa Shire. Pofika 1893 zinali zikugwira ntchito, ndipo mphamvu za Makanjira pa nyanja zinatha. Mu Disembala 1895 asilikali anakwera sitima mpaka ku Karonga, anagumula linga la Mlozi, ndipo Mlozi ananyongedwa.

Apa ndinenepo maganizo anga. Kusukulu mbali imeneyi timaiphunzira ngati nkhani yokoma yokhayokha, ndipo n'zoona, palibe munthu wamutu amene angalire kuti malonda a akapolo anatha. Koma mfuti siisankha. Sitima zomwe zinawotcha zombo za akapolo ndi zomwezo zinkaima pa gombe pamene boma likufuna msonkho wa nyumba, kapena pamene mfumu yakana kugonja. Zinatseka njira ya ku Kilwa, n'kutsegula njira ya ku Zomba. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo sindikuona chifukwa chobisira chimodzi.

Tsopano tsidya lina. Dziko lomwe lero ndi Tanzania linali m'manja mwa Germany, ndipo Ajeremani nawo anali ndi sitima yawo pa nyanjayi, Hermann von Wissmann. Inamangidwa ku Hamburg ndi ndalama zomwe bungwe lolimbana ndi ukapolo linasonkhanitsa kudzera mu lotale, inadutsa njira yomweyo ya Zambezi ndi Shire, ndipo inayamba kuyenda mu 1893. Inali yaing'ono poyerekeza ndi Guendolen, koma inali ndi mfuti. Chosangalatsa n'choti pa nkhondo ya Mlozi ija, sitima ya Ajeremaniyi inathandiza kunyamula asilikali a Johnston kupita ku Karonga. Azungu a pa nyanja anali ochepa, ankadziwana onse. Kaputeni wa Guendolen, Edmund Rhoades, ndi kaputeni wa Wissmann, Berndt, anali mabwenzi a pa botolo. Akakumana pa doko ankamwera limodzi.

Pa 4 Ogasiti 1914 Britain inalengeza nkhondo ndi Germany. Uthenga unafika ku Zomba pa waya, ndipo bwanamkubwa George Smith anaona msanga pomwe panali ngozi. Malire a pamtunda ndi Ajeremani anali kumpoto, pa mtsinje wa Songwe, pamene asilikali anali kumwera, ku Zomba. Msewu wa tala kunalibe, njanji inkathera ku Blantyre. Njira yachangu yopititsira asilikali ku Karonga inali nyanja, mtunda woposa makilomita 500. Koma sitima yodzaza ndi anthu ikakumana ndi mfuti ya Wissmann pakati pa madzi, zikanatha bwanji? Lamulo linapita kwa Rhoades: kaifunefune sitima ya mnzako uja, ukaiwononge.

Kukonzekera kwake n'koseketsa. Amene analemba za ulendowu amati zipolopolo zinali zakale, zosungidwa zaka zambiri, ndipo munthu wodziwa kuwombera mfutiyo anasowa, mpaka anatenga mzungu wina wa ku Scotland wogwira ntchito ku kampani ya African Lakes, ija timati Mandala, chifukwa anali ataphunzirako pang'ono kale. Umu ndi mmene ufumu waukulu kuposa onse padziko unapitira ku nkhondo pa nyanja yathu: mfuti imodzi, zipolopolo zokayikitsa, ndi wogulitsa m'sitolo.

M'mamawa pa 13 Ogasiti Guendolen inafika pa doko lomwe Ajeremani ankalitcha Sphinxhafen, chifukwa cha mwala wina wooneka ngati chifanizo cha Sphinx cha ku Egypt. Lero malowa ndi Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay. Mwayi wake, Wissmann sinali m'madzi n'komwe. Anali ataikokera kumtunda kuti aikonze. Guendolen inaima pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,800 n'kuyamba kuwombera. Mabuku ena amati chipolopolo chimodzi chinakwana, ena amati zingapo zinaphonya kapena kukana kuphulika chimodzi chisanamenye. Onse amagwirizana pa zomwe zinatsatira. Berndt anali asanamve kuti kunja kuli nkhondo. Analumphira m'kaboti, kupalasa mpaka pa Guendolen ali wolusa, n'kufunsa mnzakeyo ngati waledzera. Rhoades anamuuza kuti mayiko awo ali pa nkhondo, ndipo kuti kuyambira pamenepo iye ndi mkaidi. Anachotsa mfuti ya Wissmann ndi zitsulo zina za injini, n'kubwerera. Nyuzipepala ya The Times ku London inalengeza kuti Britain yapambana nkhondo ya pamadzi pa nyanja ya Nyasa.

Pano ndikuchenjezeni, chifukwa ndikudziwa ena mwayamba kale kukonza positi. Mudzamva anthu akunena kuti iyi inali nkhondo yoyamba ya pamadzi pa nkhondo yonse yoyamba ya dziko lonse. Nanenso ndinkafuna zitakhala choncho. Koma pa 5 Ogasiti, sabata yathunthu m'mbuyo, sitima za Britain zinali zitamiza kale sitima ya Germany yotchera mabomba, Königin Luise, ku North Sea. Ndiye tisadzikweze ndi bodza, wina angatiyalutse m'makomenti. Yathuyi inali imodzi mwa zoyambirira, ndipo kulemera kwake sikuli pa kukhala yoyamba. Kuli pa zomwe zinachitika pambuyo pake.

Wissmann itangolumala, nyanja yonse inasanduka msewu wa Angerezi okha. Pasanathe masabata awiri asilikali a King's African Rifles anali atakwera sitima kupita ku Karonga. Pa 9 Sepitembala Ajeremani anawoloka malire n'kuukira Karonga. Gulu lalikulu la asilikali a Nyasaland linali litatuluka kupita chakumpoto, moti magulu awiriwa anaphonyana m'tchire, ndipo kagulu kochepa komwe kanatsala pa boma kanalimba mpaka anzawo atabwerera. Pofika madzulo Ajeremani anali atagonja, ataphedwa ambiri, ndipo sanayesenso kulanda Nyasaland. Manda a azungu a mbali zonse ziwiri alipo ku Karonga mpaka lero. Koma ambiri mwa amene anagwa tsiku limenelo, mbali iyi ndi mbali inayo, anali anthu akuda, akuwomberana pa mkangano womwe unayambira ku Sarajevo. Tsopano bwererani m'mbuyo. Chikhala kuti Wissmann inali m'madzi ndi mfuti yake, asilikali aja akanafika ku Karonga pa nthawi yake? Mwina lero kumpoto kukanakhala mbiri ina.

Ajeremani sanagone, anayamba kuikonza sitima yawo. Choncho pa 30 Meyi 1915 Angerezi anabwereranso ku Sphinxhafen, ulendo uno ndi asilikali a pamtunda, motsogozedwa ndi msilikali wa pamadzi G. H. Dennistoun. Analanda malowo n'kuiphulitsa Wissmann ndi mabomba. Patsogolo pake Angerezi anaitenga, anaikonza, n'kuipatsa dzina latsopano, King George. Sitima yomwe ankaiopa ija inayamba kuwanyamulira katundu.

Munthu m'modzi anaona msanga kumene zinthu zinkalowera. Patangopita miyezi iwiri chichitikireni nkhondo ya ku Karonga, mu Novembala 1914, Mbusa John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yawo inali yoti anthu akuda akukhetsa magazi pa nkhondo yomwe si yawo, kuti pa mtendere boma siliwawerengera koma pa nkhondo limawakumbukira, ndipo kuti otsala ndi amasiye ndi ana opanda owasamala. Boma linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Pa 23 Januwale 1915 kuukira kunayamba, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale a Chilembwe anaphedwa. Pa 15 Januwale paliponse timamva za thangata ndi za minda ya ku Magomero, ndipo n'zoona. Koma ulusi wina wa nkhaniyi umachokera ku Karonga, ndipo ku Karongako asilikali anapita pa sitima.

Zomwe a Chilembwe ankaopa zinadzachitika mokulira. Mu 1916 mkulu wa asilikali Edward Northey anayamba kulowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumpoto kwa nyanja. Asilikali, ena ochokera ku South Africa ndi ku Rhodesia, chakudya, zipolopolo, mankhwala, zonse zinkakwera nyanja pa Guendolen, pa Chauncy Maples yomwe boma linaitenga kwa amishoni, ndi pa sitima zina. Koma sitima imathera pa gombe. Kuchokera pamenepo kupita kumapiri kunalibe misewu, ndipo ng'ombe ndi mahatchi zinkafa ndi kashembe. Galimoto inali mutu wa munthu. Amenewa ndiwo amtengatenga. Akatswiri a mbiri amati Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, pamene dziko lonse linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Werenganinso chiganizo chimenecho. Chotsanipo amayi, ana ndi okalamba, muone kuti m'midzi munatsala amuna angati.

Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka chiwerengero cha amuna, ndipo apolisi ankasaka anthu m'midzi ngakhale usiku. Munthu ankasenza katundu wolemera ngati theka la thumba la chimanga, tsiku ndi tsiku, mvula ikugwa, chakudya chosakwana, nsapato palibe. Kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha ambiri kuposa zipolopolo. Kumudzi minda inagonera, njala inalowa, ndipo kumapeto kwa 1918 kunabwera mliri wa fuluwenza. Makolo athu nkhondoyi ankaitcha ya chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Pali buku la Melvin Page lotchedwa The Chiwaya War, lomwe analilemba atacheza ndi okalamba omwe anaiona nkhondoyo ndi maso. Ife lero tikamva chiwaya timaganiza za chipisi cha m'tauni. Mawu ndi omwewo, koma kwa iwo sanali a njala ya masana.

Si Angerezi okha ankachita zimenezi. Ajeremani anali ndi sitima yankhondo yeniyeni ku nyanja yamchere, Königsberg, yomwe inamiza HMS Pegasus pa Zanzibar mu Sepitembala 1914, kenako n'kukabisala m'mitsinje ya Rufiji mpaka Angerezi anaiwononga mu Julayi 1915. Mizinga yake 10 ya mamilimita 105 anaichotsa n'kuipititsa ku nkhondo ya pamtunda. Ankaikoka ndani m'matope ndi m'mapiri? Mwayankha kale. Kuno ku Africa mphamvu ya mzinga sinkayezedwa ndi kukamwa kwake kokha, inkayezedwanso ndi chiwerengero cha misana yoikoka.

Sabata yatha ndinawaimbira agogo anga aakazi kumudzi kuwafunsa ngati anamvapo za nkhondo imeneyi. Ndimayesa andiuza kuti za kalekale sazidziwa. Anayamba aseka, akuti, "Mdzukulu wanga, wayamba liti kufunsa zanzeru?" Kenako anandiuza kuti agogo awo aamuna anatengedwa pa nkhondo ya Jeremani. Anayenda pansi mpaka kunyanja, anakwera sitima koyamba ndi komaliza m'moyo wawo, ndipo anasanza ulendo wonse. Anabwerako patapita nthawi yaitali, mapazi ataphulika, ali ndi chifuwa chomwe sichinathe. Akuti mpaka imfa yawo sankalola kusenza kanthu pamutu, ngakhale mtolo wa udzu, ankachita kukolekera pa phewa. Sitimayo agogo sakuidziwa dzina. Ine ndakhala zaka 20 osadziwa kuti m'banja mwathu muli munthu amene anakwerapo sitima ya nkhondo. Mnzanga wa Loweruka uja, kafunse kwanu, mwina nawe uli naye.

Nkhondo kuno inatha mochedwa kuposa ku Ulaya. Mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anagonja pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Guendolen inabwerera ku ntchito yonyamula anthu ndi katundu wa boma, mpaka anaiphwasula m'zaka za m'ma 1940. Chotsala ndi mfuti ija pa Mangochi, ndi zina zomwe mungaone mu nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, chapafupi pomwepo. Pambali pa nsanja ija palinso chikumbutso cha anthu omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Funso loti mwini nyanja ndani silinathe ndi Rhoades ndi Berndt. Pangano la Heligoland la pa 1 Julayi 1890, pakati pa Britain ndi Germany, linaika malire m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, ndipo Malawi amaima pa pangano limeneli. Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Mkanganowu unabukanso cha mu 2012, nkhani yofufuza mafuta pansi pa nyanja itatentha. Madzi omwe akukanganiranawo ndi omwe aja Guendolen inawoloka usiku kupita ku Liuli. Lero asilikali athu a pamadzi ali ku Monkey Bay ndi maboti awo olondera. Alibe mizinga ya masentimita 46, ndipo ine ndikupemphera kuti nkhaniyi ithere pa tebulo, chifukwa taona kale amene amasenza katundu akuluakulu akayambana.

Ndili ndi pempho kwa a komiti. Nsanja yachikumbutso cha asilikali ija ili kufupi ndi Capital Hill tonse timaidziwa, ena timangopitako kukajambulitsa zovala zatsopano. Mwezi wa Novembala kumakhala mwambo wokumbukira amene anafa pa nkhondo. Chaka chino tipite limodzi ngati kalabu, ndi pafupi, sipafunika ndalama ya basi yambiri. Koma tisanapite, aliyense aimbire agogo ake, kapena munthu wamkulu aliyense wa kwawo, afunse ngati m'banjamo munali msilikali kapena mtengatenga wa nkhondo ya chiwaya: dzina lake, mudzi wake, ndi chilichonse chomwe akukumbuka, ngakhale chaching'ono ngati cha mtolo wa udzu chija. Ine ndagula kale kope la masamba 80 lolembamo. Tsamba loyamba ndadzaza ndi za agogo awo a agogo anga.

Za ulendo wa ku Mangochi tidzakambirana Loweruka, msungichuma akatiuza kuti m'thumba muli zingati. Ine ndibweretsa paketi ya shuga ndi theka kuti aliyense anyamule amve kulemera kwake. Mukatha mundibwezere, ndi wa mayi anga.